Mng'oma woyamba

Mng'oma woyamba ndi pamene mlimi watsopano amaphunzirira khalidwe la njuchi, choncho uyenera kukhala wosavuta kutsegula ndi kuyendera. Woyenera kwambiri ndi mng'oma wamatabwa wa timitengo topingasa pamwamba, umene unatchuka ku Kenya. Kamtengo kalikonse kamakhala ka mamilimita pafupifupi 32 m'lifupi, kuti njuchi zimange chisa chimodzi pansi pake. Akapakako phula, fungo lake limakopa njuchi zosamuka, ndipo pokolola amachotsa zisa za uchi wokhwima zokha n'kusiya za ana.

Ena amati mng'oma wa Langstroth umatulutsa uchi wambiri. N'zoona, koma ndi wodula ndipo umafuna makina opungulira uchi, zinthu zimene woyamba kumene sangazikwanitse. Ena amakonda wa makungwa chifukwa sulira ndalama, komatu kusenda khungwa kumapha mtengo wa mombo umene maluwa ake amadyetsa njuchizo. Chimene chingagwetse mlimi ndi malo. Mng'oma upachikidwe ndi waya pamthunzi, pafupi ndi madzi, kutali ndi njira za anthu ndi ziweto, ndipo wayayo apakidwe girizi kuti linthumbu lisalowe n'kuthamangitsa njuchi.