Mpila wa pa kaseti: zaka zimene kompyuta inali kuphunzila kuchaya bola

Ife amene tinakula ndi wailesi timaidziŵa kaseti ngati cosungilamo nyimbo. Ku Britain m'zaka za m'ma 1980, kaseti yomweyo inali kusunganso maseŵela. Mwana anali kulumikiza kompyuta ya ZX Spectrum ku TV ya pa nyumba, kuika kaseti, n'kumvela phokoso lolila ngati nyenje kwa mphindi zinai kapena zisanu mpila usanayambe. Tepi ikavuta pang'ono, anali kuyambilanso.

Tisanaweluze maseŵela amenewo tikumbukile kucepa kwa makinawo. Spectrum yofala inali ndi memole ya 48K cabe, yocepa kuposa cithunzi cimodzi ca pa foni. Pa kabokosi kalikonse ka timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi inali kulola mitundu iŵili yokha, motelo oseŵela aŵili akayandikana mitundu ya malaya inali kusokonezeka. Cogwilila cinali ndi batani limodzi. Kupatsila, kuchaya ndi kulanda mpila, zonse pa batani lomwelo.

Ena anaithaŵa nkhondo imeneyi mwanzelu. Mu 1982 Kevin Toms anatulutsa Football Manager, mmene munthu sanali kuchaya mpila yekha. Anali kugula oseŵela, kusankha timu, kenaka kukhala manja lende n'kumaonelela tianthu tonga timitengo tikuphonya zigoli. Mtima unali kugunda ndithu. International Soccer ya Andrew Spencer, ya pa Commodore 64 mu 1983, ndi Match Day ya Jon Ritman mu 1984 zinaika mpila m'manja mwa woseŵela. Match Day inali kuyenda pang'onopang'ono ngati anyamata akuthamanga m'dambo, koma mpila unali kudunda, kugunda munthu n'kubwelela, ndipo unali kumenyeka ndi mutu.

Camanyazi cinacitika mu 1986. Kampani ya U.S. Gold inagula cilolezo ca World Cup ya ku Mexico ndipo inatulutsa World Cup Carnival m'bokosi lokongola, lokhala ndi posita ndi baji, pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 10. Ana atafika nayo kunyumba anapeza kuti mkati muli World Cup Football ya kampani ya Artic, seŵelo la 1984 limene linali losakoma kale, longowonjezedwako zocepa. Ena anali nalo kale pa shelufu. Magazini a makompyuta anadzaza ndi makalata a madandaulo. Ngati wina akuuzani kuti zakale zonse zinali zabwino, muuzeni nkhani iyi.

Ife tiona kuti funso lalikulu la nthawiyo linali limodzi: kodi mpila uzimamatila ku phazi? M'maseŵela ambili unali kumamatila, ndipo munthu anali kungoyenda nawo mpaka ku golo. Mu 1989 Dino Dini anatulutsa Kick Off pa Atari ST ndi Amiga, bwalo likuoneka kucokela pamwamba, ndipo mpila anaumasula. Woseŵela anali kuukankhila kutsogolo n'kuuthamangila, monga zimakhalila pa bwalo la fumbi. Ongoyamba kumene anali kukwiya, cifukwa ukangokhota mpila unali kupita kwina. Amene anapilila anapeza kuti luso lili m'zala zawo, ndipo Kick Off 2 ya 1990 inawalola kupotoza mpila utacoka kale ku phazi.

Sensible Soccer ya 1992 inatenga njila yomweyo koma inakokela kamela kutali, kuti uone mnzako amene ufuna kum'patsila. Tianthu take tinali tating'ono ngati nyelele. Mpaka lelo okonda Kick Off ndi okonda Sensible sagwilizana, ndipo magulu onse aŵili akali kucita mipikisano ku Ulaya. Ife tili ku mbali ya Sensible, cifukwa mlendo angakhale pansi n'kucinya cigoli tsiku lomwelo. Mu 2007 Sensible World of Soccer ya 1994 inaikidwa pa mndandanda wa maseŵela 10 ofunika kusungidwa, umene anakonza Henry Lowood wa ku Stanford University ndi anzake.