Nkhondo ya Chiwaya inadutsa pa Limbe

Teremu ino ena mwa achinyamata a m'parishi mwathu apatsidwa ntchito kusukulu yoti alembe za moyo wa msilikali pa nthawi ya nkhondo. Ambiri athamangira pa intaneti, ndipo abwerako ndi ngalande za ku France, matope a ku Somme ndi mayina a akuluakulu a nkhondo a ku Ulaya. Zonsezo n'zoona ndithu. Koma wowerenga angaganize kuti nkhondo ya 1914 mpaka 1918 inali maliro a eni ake, ife tinangomvera kutali. Chonsecho inadutsa m'misewu yomweyi imene timayendamo popita ku Misa.

Makolo athu anaitcha nkhondo ya Chiwaya, potengera dzina limene anapatsa mfuti yolavula zipolopolo mosalekeza. Magazi anayamba kukhetsedwa m'dziko muno pa 9 September 1914, pamene asilikali a King's African Rifles anakumana ndi gulu la Ajeremani ku Karonga. Mbali zonse ziwiri, ambiri mwa ogwira mfuti anali anthu akuda. Pofika 1918, amuna pafupifupi 19,000 a Nyasaland anali atavala yunifolomu, ndipo ena pafupifupi 200,000 anali atagwirapo ntchito ya mtengatenga, m'dziko limene anthu ake onse anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi.

Tiime pa amtengatengawa, pakuti ndiwo amaiwalika msanga. Katundu wa nkhondo ankafika ku Limbe pa sitima ya pamtunda, n'kulowera ku Zomba ndi ku Fort Johnston, kumene lero timati Mangochi, kenaka pa sitima za panyanja mpaka kumpoto. Kumene njanji, msewu ndi nyanja zathera, mutu wa munthu ndiwo unali galimoto. Mwamuna ankasenza katundu woposa makilogalamu 20, wopanda nsapato, mvula ili pamsana, kukwera mapiri a kumwera kwa Tanganyika. Ndipo masamu ake anali ankhanza: wosenza ufa nayenso amadya, choncho ulendo ukatalika chakudya chambiri chinkathera m'njira, ndipo woyamba kuchepetsedwa phoso anali iye yemwe wasenzayo. Kamwazi, malungo, chibayo ndi njala zinapha anthu ambiri kuposa chipolopolo. Ochuluka sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankaumirizidwa kupereka anthu, amuna ena n'kumagona kutchire pothawa. Minda inatsalira amayi ndi nkhalamba, ndipo obwerera kumapeto kwa 1918 anafikira m'mliri wa fuluwenza.

Pano pa Blantyre panamvekanso mawu otsutsa. Mu November 1914 mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kufunsa chimene munthu wosauka adzapindule pofera nkhondo ya ena ndi kusiya amasiye. Boma linaletsa kalatayo. Usiku wa pa 23 January 1915 anthu ake anaukira, ndipo ena anafika mpaka pa nyumba yosungira mfuti ya kampani ya Mandala. Patapita masiku ochepa mishoni yathu ya Nguludi inatenthedwa, ndipo Bambo Swelsen, wansembe wa chipani cha Montfort, anavulazidwa kwambiri. Ife Akatolika sitiyenera kubisa bala limeneli, komanso silitipatsa chifukwa chotsekera khutu funso limene Chilembwe anafunsa. Ngakhale Papa Benedicto XV, m'kalata yake ya pa 1 August 1917 kwa atsogoleri a mayiko omenyana, anaweruza nkhondoyo ngati kuphana kopanda phindu.

Nanga zimene msilikali wamba anaona tikuzidziwa bwanji, poti ambiri sankalemba? Apa ndi pamene ophunzira athu ayenera kutchera khutu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, mphunzitsi wa mbiri yakale Melvin Page, mothandizidwa ndi ophunzira a ku Chancellor College, anayenda m'midzi kufunsa nkhalamba zimene zinamenya nkhondoyo kapena kusenza katundu wake. Koleji imeneyi inali pa Chichiri pompano isanasamukire ku Zomba mu 1973. Zimene anatolera zinabala buku lotchedwa The Chiwaya War, limene linatuluka m'chaka cha 2000. Akanazengereza zaka khumi zokha, ambiri mwa mawu amenewo akanalowa m'manda. Anali achinyamata a kope ndi cholembera, okhala pamphasa, oleza mtima pamene gogo wasochera m'nkhani.

Nkhondo yachiwiri inatengera ana a dziko lino kutali koposa: ku Somaliland mu 1940, ku Ethiopia mu 1941, ku Madagascar mu 1942 ndi m'nkhalango za ku Burma mu 1944. Amenewonso atsala owerengeka. Koma m'ma Ndirande, Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa muli abambo amene analondera njanji ya ku Nacala nkhondo ya ku Mozambique ili mkati, kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Muli ena amene anapita ku Congo, kumene asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa pafupi ndi Beni mu November 2018, ndi ena atatu kum'mawa kwa dzikolo mu January 2025. Ena a iwo timakhala nawo benchi imodzi m'tchalitchi, osadziwa.

Tsono wophunzira amene akufuna kulemba zenizeni ayambe pafupi. Laibulale ya Society of Malawi ili pa Mandala House, nyumba ya mu 1882 ija, m'dera lomwe anthu a Chilembwe anafikamo. Koma koposa, apemphe makolo kapena atsogoleri a mphakati kuti amuperekeze kwa msilikali wopuma. Apite mwaulemu, afotokoze cholinga chake, ndipo asalembe dzina la munthu popanda chilolezo. Funso loti “Kodi munaphapo munthu?” alisiye kunyumba; ndi funso la mwana woonera mafilimu, ndipo limatsekula chilonda chimene wofunsayo sangathe kuchimanga. Afunse zimene ankadya, amene ankawalembera kalata, pemphero limene ankanena usiku, mmene anawalandirira atabwerako, ndi ngati tulo timabwera. Akakhala chete, wophunzira naye akhale chete.

Pa 11 November, tsiku limene mfuti zinaleka kulira ku Ulaya mu 1918, Mpingo umakumbukira Martino Woyera wa ku Tours, yemwe anali msilikali wa Aroma asanakhale episkopi. Kuno nkhondo inapitirira masiku ena: mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anagonja pa 25 November ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala ku Zambia. Amtengatenga ambiri anali akadali m'njira, katundu ali pamutu.