Malo opanda mpweya ndi ntchito zake

Malo opanda mpweya, amene m'Chipwitikizi amati vácuo, ndi malo amene mpweya wachotsedwamo. Palibe makina amene angauchotse wonse, amangouchepetsa kwambiri.

Mpweya umalemera

Mpweya wotizungulirawu umapanikiza chinthu chilichonse. Pamalo aakulu ngati chikhadabo, mphamvu yake ndi pafupifupi kilogalamu imodzi. Mpweya ukachepa mkati mwa chinthu, wakunja umakankhiramo chilichonse chimene wapeza. Ndi zimene zimachitika namwino akamakoka mankhwala ndi jakisoni, kapena akuluakulu akamalumika wodwala ndi nyanga.

Amene anaonetsa zimenezi ndi Evangelista Torricelli wa ku Italy mu 1643, pofufuza chifukwa chimene mapampu ankalepherera kukweza madzi kupitirira mamita 10. Anadzaza chubu chagalasi ndi mekyule, chitsulo chamadzimadzi cholemera kwambiri, n'kuchizondotsa m'mbale ya mekyule. Mekyuleyo anatsika n'kuima pa masentimita 76, ndipo pamwamba panatsala malo opanda mpweya.

Pampu ya kudimba

Motobomba ndi pampu yopondaponda sizikoka madzi monga ambiri amaganizira. Zimachepetsa mpweya m'payipi, ndipo mpweya wakunja, popanikiza madzi a m'chitsime kapena m'nyanja, umawakweza m'payipimo. Mphamvu imeneyi ili ndi malire. Ku Metangula, kumene nyanja ya Niassa ili pamtunda wa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa nyanja yamchere, malirewo sakwana mamita 10. Pantchito yeniyeni, pampu zambiri zimalekera pa mamita 7 kapena 8.

Choncho mlimi wa m'mbali mwa nyanja kapena mtsinje wa Lunho ayambe wayeza asanagule pampu. Choyeza ndi kukwera kuchokera pamwamba pa madzi kufika pamene pampu idzakhale, osati kutalika kwa payipi. Ayeze mu Okutobala kapena Novembala, madzi atatsika. Injini yaikulu sisintha malirewa. Njira yake ndi kutsitsira pampu pafupi ndi madzi, chifukwa kukankhira madzi kumtunda ndiko imatha bwino. Kabowo kakang'ono m'payipi yolowera madzi kamalowetsa mpweya, pampu n'kumangolira osatulutsa kanthu, mafuta akutha.

Mjigo wa Afridev umatunga madzi akuya mpaka mamita 45 chifukwa mbali yake yopopa ili pansi m'madzi momwemo.

Ntchito zina

Fulasiki ya tiyi, yochokera ku luso la James Dewar la mu 1892, ili ndi makoma awiri opanda mpweya pakati, motero kutentha sikutuluka msanga. Machubu agalasi otenthetsera madzi ndi dzuwa amapangidwa chimodzimodzi. Mawayilesi akale ankayendera timababu topanda mpweya. Nsomba, nyama ndi khofi zimasungidwanso m'mapaketi ochotsedwa mpweya kuti zisawonongeke msanga, koma nsomba ndi nyama zaziwisi zimafunabe malo ozizira.