Chipolopolo cha Mlenje: Kuchokera pa Gogodera Kufika pa Mtovu Wovala Mkuwa

M'Chichewa mawu akuti chipolopolo amatchula zinthu ziwiri: chonse chimene mlenje amalowetsa m'mfuti, ndiponso kamutu kokha kamene kamauluka kukalasa nyama. Kale panalibe chosokoneza, pakuti mwini gogodera ankathira yekha onga kukamwa kwa mfuti, n'kutsinderamo mpira wa mtovu, kapena zidutswa za chitsulo mtovu ukasowa. Mfuti yotere siinkalasa molunjika patali, choncho luso lonse linali m'kunyang'ama. Alenje a njovu a m'chigwa cha Zambezi, monga Achikunda, ankayandikira mpaka kumva kupuma kwa nyama. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mlenje wopupuluma sankakalamba. Njovu ikagwa, mnyanga wogunda pansi unali wa mfumu mwini dziko.

Zinthu zinasintha m'chaka cha 1884 pamene Mfalansa wina, Paul Vieille, anapanga onga wosafuka utsi. Onga umenewu unkakankha chipolopolo mwaliwiro kwambiri, mwakuti mtovu wokha unkasenda n'kumatirira mumpope wa mfuti. Mankhwala ake anali kuuveka chikhungwa cha chitsulo cholimbirapo, nzeru imene Eduard Rubin wa ku Switzerland anali atayesa kale mu 1882. Posakhalitsa kunabadwa zipolopolo zing'onozing'ono zothamanga, monga .303 ya Angerezi ndi 7x57 ya kampani ya Mauser ya mu 1892. Cholemera magalamu 11 okha chinkayenda mamita 700 pa sekondi imodzi, ndipo nswala yoima pa mtunda wa mamita 200, imene mwini gogodera akanangoyang'ana n'kumeza malovu, tsopano inali pafupi.

Komatu mwayi umenewu sunafike kwa onse. Pangano la ku Brussels la mu 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono kwa anthu akuda m'dera lalikulu la Africa, n'kuwasiyira zakale zija. N'chifukwa chake gogodera anakhalitsa m'midzi, pamene azungu ndi asilikali a King's African Rifles ku Zomba ankanyamula .303.

Chipolopolo chovala chikhungwa chinabwera ndi vuto lakelake. Popeza sichinkaphwanyika, chinkangoboola n'kutulukira kwina ngati singano, wolasidwayo n'kumapitirira ulendo. Asilikali a Britain anadandaula za ichi pa nkhondo ya ku Chitral mu 1895, ndipo kufakitale ya zida ya Dum Dum, pafupi ndi Calcutta, anayamba kusiya mtovu poyera kunsonga kuti chikagunda chizifutukuka ngati bowa. Mabala ake anali oopsa, kotero msonkhano wa ku The Hague mu 1899 unaletsa zipolopolo zotere pankhondo. Chodabwitsa n'chakuti chimene chinatchedwa nkhanza kwa munthu chinasanduka chifundo kwa nyama. Ngoma yolasidwa m'mapapo ndi chofutukuka imagwa pafupi, pamene yobooledwa ndi cholimba ingathawe n'kukafera kuthengo patapita masiku, kudyetsa afisi. Njati yovulazidwa ndiye siithawa kutali, imabisala m'tchire n'kudikira amene akulondola magazi ake, kapena mayi wosalakwa wodzatola nkhuni.

Alenje awiri otchuka anasiyana maganizo pa nkhaniyi. W. D. M. Bell wa ku Scotland, amene anasaka kwambiri ku Karamoja m'dziko la Uganda, anapha njovu 1,011, zambiri mwa izo ndi kamfuti ka 7x57 ndi zipolopolo zolimba zosafutukuka. Iye anasanthula chigaza cha njovu mpaka kudziwa njira yofikira ku ubongo, ndipo ankakhulupirira kuti kulasa pamalo oyenera kumaposa kukula kwa chipolopolo. Chiwerengero chimenecho lero n'chomvetsa chisoni, ndiponso amene anamutsanzira opanda luso lake anavulaza nyama zochuluka. Winayo anali John Taylor wa ku Ireland, amene anakhala zaka zambiri kumunsi kwa Zambezi, kumene Anyungwe anamutcha Pondoro, ndiko kuti mkango. M'buku lake la mu 1948 lotchedwa African Rifles and Cartridges, anatamanda .375 ya Holland & Holland, yopangidwa mu 1912, kuti imafika patali ndithu koma ilinso ndi kulemera kokwanira nyama zazikulu. Kwa munthu wamba, amene dzanja limanjenjemera njati ikamuyang'ana, uphungu wa Taylor ndiwo unali wanzeru.

Pa mtunda wapakati, wa mamita 100 mpaka 300, vuto lenileni ndi liwiro. Chipolopolo chofewa chikagunda phewa la ntchefu pafupi, chikali ndi mphamvu zonse, chimasweka chisanafike pamtima. Cholimba kwambiri chikafika patali chitatopa, sichifutukuka m'thupi la mbawala. Akuluakulu amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo kwa zaka zambiri mlenje ankayenera kusankha phanga limodzi: kufutukuka kapena kuboola.

Amene anayesa kubisala m'mapanga onse awiri osanyowa anali John Nosler wa ku America. Mu 1946, akusaka ku British Columbia, anaona zipolopolo zake zikuswekera pachikopa chamatope cha nyama yaikulu yotchedwa moose. Atabwerera kwawo anagawa mtovu pawiri ndi khoma la chitsulo pakati, kuti wakutsogolo uzifutukuka, wakumbuyo uzitsala wathunthu n'kumakankhabe. Anayamba kugulitsa chipolopolocho mu 1948 pa dzina la Partition, ndipo chikupangidwabe. Pambuyo pake kunabwera zamkuwa wokhawokha, zimene zinafala kwambiri zitadziwika kuti tizidutswa ta mtovu totsala m'matumbo a nyama timapha miimba. Dera la California linaletsa mtovu pa kusaka kulikonse kuyambira mu 2019.