Khadi la Zithunzi la Kompyuta Yakale ndi Magemu Amakono

Khadi la zithunzi, limene amisiri ndi anyamata a magemu amangoti galafikisi, ndi chiwalo cha kompyuta chimene ntchito yake ndi kujambula zonse zooneka pa sikirini. Ndipo popeza gemu yamakono imafuna kuti chithunzi chijambulidwe mwatsopano ka 30 kapena ka 60 pa sekondi iliyonse, chiwalo chimenechi ndicho chimayamba kulefuka pamene kompyuta yokalamba isenzetsedwa katundu amene kudalibe m'masiku a kupangidwa kwake. Makompyuta ena ali ndi khadi lapalokha, lokhala ndi fani ndi memore yakeyake, pamene ambiri a m'maofesi amadalira kagawo kokhala m'kati mwa purosesa, monga Intel HD Graphics, kamene kamachita kubwereka memore ku RAM.

Mbiri yake

M'chaka cha 1981 kampani ya IBM idatulutsa khadi lotchedwa CGA, limene pa magemu ambiri linkaonetsa mitundu 4 yokha nthawi imodzi. Ndipo mu 1987 kudadza VGA ya mitundu 256, imene dzina lake lidatsalira pa pulagi ija ya mano 15 yolumikiza kompyuta ndi sikirini, yopezeka kufikira lero m'masitolo okonzera zipangizo. Kusintha kwakukulu kudafika mu 1996 ndi khadi la Voodoo la kampani ya 3dfx, limene lidachititsa kuti zinthu za m'gemu zioneke zathupi, zokhala ndi kutsogolo ndi kumbuyo. Koma ufumu wake sudakhalitse, pakuti Nvidia, imene Jensen Huang ndi anzake awiri adaiyambitsa mu 1993, idatulutsa GeForce 256 mu 1999, ndipo chakumapeto kwa 2000 idagwirizana zogula chuma cha 3dfx. Mpikisano udatsala pakati pa Nvidia ndi ATI ya ku Canada, imene AMD idaigula mu 2006. Cha m'ma 2004 malo olowetsapo khadi adasintha kuchoka pa AGP kunka pa PCI Express, kotero kuti kompyuta ya AGP yokhayokha singalandire khadi la masiku ano ngakhale mwini wake atakhala ndi ndalama zotani.

Chimene chimalepheretsa, ndi chimene chingachitike

Gemu imalankhula ndi khadi kudzera mwa womasulira, amene pa Windows ndi DirectX ya Microsoft. DirectX 11 idadza mu 2009, DirectX 12 mu 2015, ndipo khadi losadziwa DirectX imene gemu ikufuna silichita kuchedwa ayi, gemuyo imangokana kutseguka. Apa palibe nzeru yothandiza. Mwachitsanzo, gemu ya mpira ya FIFA 14 imayenda pa makina ofooka ndithu, FIFA 15 ya 2014 idayamba kufuna Windows ya 64-bit, pamene FIFA 23 imafuna DirectX 12, khadi la msinkhu wa GTX 1050 Ti, ndi malo a 100 GB.

Koma gemu ikatseguka n'kumangodukizadukiza, chiyembekezo chilipo. Amisiri amaika driver (pulogalamu yoyendetsa khadi) yatsopano, amazimitsa mithunzi ya m'gemu, natsitsa chithunzi kuchoka pa 1080p kufika pa 720p, chimene chimachotsera khadi ntchito yoposa theka. Ena amaonjezera RAM yachiwiri. Amene ali ndi kangachepe m'thumba amagula khadi losadya magetsi ambiri, monga GT 1030 ya 2017 ya mawati 30, kapena GTX 750 Ti ya 2014 ya mawati 60, chifukwa malo a PCI Express amapereka mawati osapitirira 75, ndipo pawa sapulayi ya kompyuta ya mu ofesi kawirikawiri siikhala ndi chingwe chodyetsera khadi lalikulu.

Kumadzulo ndi kumpoto kwa Lilongwe

Pa Mpingu ndi pa Namitete, m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji, ndiponso pa Nsaru, Kabudula ndi Nambuma, kompyuta yofala ndi ya kaunjika, Dell kapena HP imene idatumikira zaka zake m'maofesi a kunja isanafike m'masitolo a mumzinda. Kawirikawiri siigulidwira magemu. Ntchito yake ndi kubena nyimbo ndi mafilimu omasuliridwa m'Chichewa, kutaipa makalata, ndi kusindikiza timapepala ta ukwati ndi chinkhoswe. Ndiye madzulo, makasitomala atatha, padi ziwiri zoseweretsa gemu zimalumikizidwa, anyamata nayamba kulipira pa gemu iliyonse, wogonja n'kupatsira mnzake padi. Malonda amakoma pa tsiku la msika ndi m'miyezi imene alimi akugulitsa fodya ku Kanengo. Magemuwo amayenda pa fulashi ndi pa hadi disiki, dzanja ndi dzanja, pakuti munthu wofuna kutsitsa 100 GB ndi bandulo ya pa foni angagulitse mbuzi osamaliza.

Nzeru yogometsa ya anyamatawa ili pa kusankha gemu yolingana ndi khadi, pokumbukira kuti fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Pro Evolution Soccer ya 2013 kapena ya 2017 imavekedwa maina, mayunifomu ndi osewera a chaka chino, kotero kuti woonerera angalumbire kuti ndi yatsopano. Ndipo alipo ena akhama amene amakhala pansi kulemba dzina ndi dzina kufikira Bullets, Wanderers ndi Silver Strikers zitakumana pa sikirini. GTA San Andreas ya 2004 nayo sidapume.

Adani a khadi kuno ndi awiri. Fumbi la m'chilimwe limatseka fani, khadi n'kutentha, n'kudzichepetsera lokha liwiro, mwakuti makina ambiri oyesedwa okalamba amachira ndi kupukutidwa kokha ndi thermal paste (phala lochotsa kutentha) yatsopano. Wachiwiri ndi kuthimathima kwa magetsi, monga kudakulira mu 2022 namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira. Ndipo magetsi obwerera mwadzidzidzi amaotcha pawa sapulayi.

Mwina tinganene kuti ena mwa achinyamata okonza makompyuta m'derali adayamba kutsegula bokosi la kompyuta chifukwa cha gemu yokana kuyenda. Wogula khadi la kaunjika ayambe waona ngati bokosi lake ndi lopyapyala, lofuna khadi lalifupi, ndipo asapereke ndalama khadilo lisanayesedwe ndi gemu pamaso pake kufikira litatentha.