Migodi ya Mkuwa mu Zambia: Njira za Makampani ndi Zimene Zimagwera Anchito

Mkuwa ndiwo nsanamira ya cuma ca Zambia. Pafupifupi 70 peresenti ya ndalama zimene dziko limapeza pogulitsa katundu kunja imacokera ku mkuwa, ndipo mu Africa ndi dziko la Democratic Republic of Congo lokha limene limakumba mkuwa wambiri kuposa Zambia.

Koma mtengo wa mkuwa suikidwa ku Kitwe kapena ku Lusaka. Umaikidwa pa misika ya kunja, maka-maka ku London Metal Exchange. Kampani ya mgodi ilibe mphamvu pa mtengowo. Mphamvu yake ili pa ndalama zimene imaononga pokumba. N'cifukwa cake mtengo ukatsika ku London, nkhani imafika msanga pakhomo pa wanchito ku Chingola, kwa kontrakita ku Mufulira ndi kwa mai wogulitsa pa msika wa Chisokone.

Eni migodi kucokera pa ufulu

Pamene Zambia inalandira ufulu mu 1964, migodi inali m'manja mwa makampani awiri akunja, Anglo American ndi Roan Selection Trust. Mu August 1969, ku Matero mu Lusaka, mtsogoleri woyamba wa dziko Dr Kenneth Kaunda analengeza kuti boma lidzatenga magawo 51 peresenti m'migodi. Mu 1982 makampani awiri a migodi amene anali m'manja mwa boma anaphatikizidwa n'kukhala Zambia Consolidated Copper Mines, mwacidule ZCCM.

ZCCM sinali kukumba mkuwa cabe. Inali kupereka nyumba, madzi, malaiti, zipatala ndi masukulu, ndiponso inali kusamalira matimu a mpira monga Nkana, Mufulira Wanderers, Nchanga Rangers ndi Roan United. Koma pakati pa zaka za m'ma 1970 mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo unakhala wotsika kwa nthawi yaitali. Ndalama zogulira makina atsopano ndi zofufuzira miyala ina zinasowa. Mkuwa wokumbidwa, umene unali kupitirira matani 700,000 pa caka kuciyambi kwa ma 1970, unatsika kufika pa matani pafupifupi 250,000 mu 2000.

Boma la Frederick Chiluba linagulitsa migodi, kuyambira mu 1997 mpaka mu March 2000. Eni atsopano anabwera ndi ndalama, koma ananena poyera kuti nchito yao ndi kukumba, osati kuyendetsa matauni. Anchito masauzande anacotsedwa, ndipo zambiri zimene mgodi unali kupereka kwaulere zinayamba kulipiridwa. Boma linasungako magawo ocepa kudzera mu kampani ya ZCCM Investments Holdings.

Zimene kampani imacita mtengo ukatsika

Mtengo wa mkuwa sukhalitsa pamodzi. Kuciyambi kwa ma 2000 tani imodzi inali kugulidwa pa madola osakwana 2,000. Mu 2008 inapitirira madola 8,000, koma caka cisanathe inagwa kufika pafupifupi 3,000. Mu 2011 inadutsa 10,000, mu January 2016 inatsikira pansi pa 4,500, ndipo mu May 2024 inapitirira 11,000.

Mtengo ukagwa, makampani amatsata njira zinai zodziwika bwino.

Yoyamba ndi kuimitsa nchito zokulitsa mgodi, monga kukumba zitsime zatsopano ndi kumanga nyumba zosungunuliramo miyala. Oyamba kuvutika ndi makontrakita, pakuti nchito zotere ndiwo amazigwira.

Yaciwiri ndi kucepetsa anthu olembedwa ndi mgodi weniweniwo, n'kupereka nchito zao kwa makontrakita. Kwa kampani njirayi ndi yopepuka, popeza kuthetsa pangano ndi kontrakita n'kosavuta kusiyana ndi kucotsa anchito okhazikika. Kwa wanchito, nthawi zambiri zimatanthauza malipiro ocepa ndi pangano lalifupi, ngakhale akugwira nchito imodzimodzi ndi mnzake wolembedwa ndi mgodi.

Yacitatu ndi imene a kumigodi amaicha care and maintenance. Kukumba kumaima, ndipo pamatsala anchito ocepa osamalira makina ndi kupopa madzi. Kupopa sikungaime, cifukwa mgodi ukadzala madzi, kuutsegulanso kumafuna ndalama zambiri ndi zaka. Mgodi wa Konkola ku Chililabombwe uli m'gulu la migodi ya madzi ambiri koposa padziko lonse.

Yacinai ndi kugulitsa mgodi kapena kucoka. Anglo American inacita zimenezi mu 2002, patangopita zaka ziwiri cigulire Konkola Copper Mines.

Njira zonsezi anthu a kumigodi anaziona ndi maso. Mgodi wa Luanshya unatsekedwa pa vuto la zacuma la 2008, ndipo unatsegulidwanso pamene kampani ya China Nonferrous Metal Mining inautenga mu 2009. Mu 2015, pamene mtengo unatsika ndipo malaiti anali kuvuta, Mopani inacotsa anchito oposa 4,000.

Nkhani ya Mopani ndi KCM

Makampani awiriwa ndiwo amagwira moyo wa matauni akale a kumigodi. Mopani ili ndi migodi ku Nkana mu Kitwe ndi ku Mufulira. Konkola Copper Mines, kapena KCM, ili ku Chingola, ku Chililabombwe ndi ku Nampundwe.

Kampani ya Vedanta inalowa mu KCM mu 2004. Mu May 2019 boma la Edgar Lungu, kudzera mu ZCCM Investments Holdings, linapita kukhoti, ndipo KCM inaikidwa m'manja mwa woyang'anira wosankhidwa ndi khoti. Boma linati Vedanta sinasunge malonjezo ake, pamene Vedanta inakana mlanduwo. Mkangano unatenga zaka zoposa zinai. M'nthawiyo mkuwa wokumbidwa unatsika kwambiri, ndipo ogulitsa katundu ku mgodi anakhala nthawi yaitali osalipidwa. Mu September 2023 mbali ziwirizi zinagwirizana. Vedanta inalonjeza kuika madola 1 biliyoni m'zaka zisanu, kupereka madola 250 miliyoni olipirira nkhongole kwa ogulitsa katundu a m'dziko muno, ndi kukweza malipiro a anchito ndi 20 peresenti. Inabwerera mu 2024.

Ku Mopani, kampani ya Glencore inalengeza mu April 2020 kuti idzaimitsa kukumba. Boma linakana, ndipo mu 2021 ZCCM Investments Holdings inatenga kampaniyo pamodzi ndi nkhongole ya madola 1.5 biliyoni. Koma ndalama zomalizira nchito zokulitsa migodi zinalibe. Mu 2024 kampani ya International Resources Holding ya ku Abu Dhabi inatenga magawo 51 peresenti pa pangano la madola 1.1 biliyoni.

Phunziro la nkhani ziwirizi ndi limodzi. Kaya mwini ndi boma kaya ndi kampani yakunja, mgodi wapansi umafuna ndalama zatsopano caka ndi caka. Zikaleka kubwera, wanchito ndi wogulitsa katundu ndiwo amayamba kumva.

Misonkho

Asanaike ndalama, makampani amayang'ana misonkho, pakuti mgodi watsopano umatenga zaka zambiri usanabweze zimene unadya. Mapangano a nthawi yogulitsa migodi anapatsa makampani ena msonkho wa pa miyala wa 0.6 peresenti cabe, ndipo pamene mtengo unakwera anthu ambiri anaona kuti dziko likudyeredwa masuku pamutu. Mu 2008 boma la Levy Mwanawasa linaika msonkho wa pa phindu lapadera, umene unacotsedwa mu 2009. Mu January 2015 msonkho wa pa miyala unakwezedwa kufika 20 peresenti pa migodi yapamtunda, koma unatsitsidwanso m'caka comweco.

Kuyambira mu 2022 boma la Hakainde Hichilema linalolanso makampani kucotsera msonkho wa pa miyala asanawerengere msonkho wa pa phindu. Makampani amati kusintha-sintha kwa misonkho ndiko kunali kuwabweza m'mbuyo. Otsutsa amati kupepuza misonkho kumacepetsa ndalama za zipatala, masukulu ndi miseu. Mkangano umenewu ndi wakale ngati migodi yeniyeniyo.

Malaiti ndi Kwacha

Migodi imagwiritsa nchito pafupifupi theka la malaiti a m'dziko muno, ndipo ambiri mwa malaitiwo amacokera ku madzi a ku Kariba ndi mtsinje wa Kafue. Cilala ca 2024, cimene boma linalengeza kuti ndi tsoka la dziko pa 29 February caka cimeneco, cinacititsa kuti nyumba ndi mabizinesi ang'ono azikhala maola ofika 21 pa tsiku popanda malaiti.

Makampani aakulu anagula malaiti kunja pa mtengo wokwera, ndipo ena anatembenukira ku mphamvu ya dzuwa. Copperbelt Energy Corporation inatsegula malo a sola a mamegawati 60 ku Itimpi mu 2024, ndipo mu 2025 kunatsegulidwa malo a mamegawati 100 ku Chisamba. Wowocherera zitsulo, wometa ndi mwini cigayo analibe njira zotere, ndipo ambiri anagwira nchito usiku pamene malaiti abwera.

Kwacha nayo imayenda ndi mkuwa, pakuti madola ambiri olowa m'dziko amacokera ku migodi. Kwacha ikafooka, kampani yogulitsa mkuwa m'madola imaona kuti malipiro a m'Kwacha apepuka, pamene wanchito amaona kuti unga, mafuta ndi lendi zakwera. Ikalimba, katundu wocokera kunja amatsikako mtengo, koma kampani imaona kuti zolipira zake za m'dziko muno zalemera. Mfundo imeneyi imabuka nthawi zonse pa zokambirana za malipiro.

Zimene lamulo limanena kwa anchito

Lamulo lalikulu ndi Employment Code Act la 2019. Limaletsa kulemba munthu monga waganyu pa nchito imene ndi yokhalitsa. Wanchito wa pangano lopitirira miyezi 12 ayenera kulandira ndalama ya giracuwite yosacepera 25 peresenti ya malipiro ake oyambira pamene pangano latha. Kampani ikafuna kucepetsa anchito, iyenera kudziwitsa anchitowo kapena bungwe lao kukali masiku osacepera 30, ndi kulipira malipiro a miyezi yosacepera iwiri pa caka ciliconse cimene munthu anagwira. Ikalephera kulipira pa tsiku lomaliza, wanchito apitiriza kulandira malipiro ake mpaka ndalamazo zitaperekedwa.

Wanchito ndi womulemba aliyense amasonkha 5 peresenti ku NAPSA. Wovulala kapena wodwala cifukwa ca nchito amathandizidwa ndi Workers' Compensation Fund Control Board, ndipo olowa pansi amapimidwa cifuwa ku Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe, cifukwa ca matenda a silikosi obwera ndi fumbi la miyala.

Malamulowa amakhudzanso anchito a makontrakita. Vuto limakhala pa kuwatsata. Mabungwe oimira anchito, monga Mineworkers Union of Zambia ndi National Union of Miners and Allied Workers, ali ndi mphamvu zambiri pakati pa olembedwa ndi migodi kusiyana ndi pakati pa a makontrakita ang'ono-ang'ono.

Colinga ca matani 3 miliyoni

Mu 2024 Zambia inakumba matani oposa 820,000. Boma linaika colinga ca matani 3 miliyoni pa caka pofika 2031, podalira kufunika kwa mkuwa pa magalimoto oyendera mabatire ndi nthambo za malaiti. First Quantum Minerals inaika madola 1.25 biliyoni pokulitsa mgodi wa Kansanshi ku Solwezi, nchito imene inatsegulidwa mu 2025. Barrick inayamba mu 2024 nchito ya madola 2 biliyoni ku Lumwana.

Koma kuculuka kwa matani sikuculukitsa nchito pa mlingo womwewo. Migodi yapamtunda ya ku cigawo ca kumpoto cakumadzulo imadalira makina aakulu, ndipo imafuna anthu ocepa pa tani iliyonse kusiyana ndi migodi yakale yapansi. Anthu ofunika kwambiri ndi amisiri a malaiti, okonza makina ndi oyendetsa zimagalimoto za m'mgodi. N'cifukwa cake maso ambiri ali pa katundu ndi nchito zimene migodi imagula. Mu 2025 boma linakhazikitsa malamulo akuti migodi izigula gawo losacepera 20 peresenti kwa makampani a m'dziko muno, ndipo gawolo liziwonjezeka m'zaka zotsatira. Kuti apindule, amalonda a kuno afunika ngongole za ciongola dzanja cotsika ndi kulipidwa pa nthawi yake.

Akulu anati walira mvula walira matope. Pa 18 February 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linagumuka, ndipo madzi a asidi analowa mu Mwambashi ndi Kafue. Nsomba zinafa, minda inaonongeka, ndipo mzinda wa Kitwe unatsekeredwa madzi kwa masiku. Alimi ndi asodzi amene analibe dzina pa buku la malipiro la mgodi uliwonse ndiwo anasenza mtolo.

Pamene kampani ilengeza mabiliyoni atsopano, mafunso oyenera kwa wanchito ndi wamalonda ndi awa: ndi angati adzalembedwa ndi mgodi weniweniwo, ndi angati adzakhala a makontrakita, ogulitsa katundu adzalipidwa pakapita masiku angati, ndipo mtengo wa mkuwa ukadzatsikanso, kampani yakonzeratu zotani.