Chidulo

Chidulo ndi madzi amene achezedwa pa phulusa. Ku Nsanama, pamsewu wochokera ku Liwonde kupita ku Ntaja, agogo amawotcha zitsononkho kapena makoko a nyemba, n'kuthira phulusalo m'kachitini kobowola pansi. Madzi amadontha pang'onopang'ono, ofiirira, oterera pa zala. Mukawathira mu therere, masamba amafewa mphika usanawire kawiri. Masiku ano ambiri angozolowera soda wa m'sitolo, ndipo ine zimandiwawa kuona ana akukula osalidziwa dzinali.

Mphamvu ya chidulo ili mu mchere wa potaziyamu umene chomera chinayamwa m'nthaka. Mu 1807, katswiri wa sayansi Humphry Davy anadutsitsa magetsi mu mchere wa mtundu womwewu, n'kupeza potaziyamu weniweniyo koyamba.

Mbale wake wa chidulo, wowawa kwambiri, ndi amene amathiridwa m'makina ong'amba madzi ndi magetsi kuti atuluke haidrojeni ndi okosijeni. Amamuthira chifukwa madzi okha salola magetsi kuyenda bwino. M'makinamo muli timapale ta chitsulo cha nickel tofulumizitsa ntchitoyo koma osatha nayo, ndipo akatswiri ali kalikiliki kufunafuna zitsulo zotchipa zogwira ntchito ngati platinum, yemwe ndi wodula.

Izi si za kutali. Fakitale ya Sable Chemicals ku Kwekwe, m'dziko la Zimbabwe, inkang'amba madzi chotere kuyambira m'zaka za m'ma 1970 mpaka 2015, haidrojeniyo n'kupangira amoniya wa feteleza wothira m'chimanga.